CIYANKHULO CATHU: Lilime la Munthu Lili ndi Kwao

Mwezi uno tikambirana nkhani imene imaseketsa akulu pa bwalo, koma nthawi zina imaliza ana kuseri kwa nyumba. Nkhani yake ndi ya kachulidwe ka mau.

Munthu akaima pa msika wa Kapata m'mawa ndi kuchera khutu, adzamva cinthu cimodzi cikuchulidwa m'njira zitatu. Mai wa ku Katete apempha "madzi", wa ku Petauke apempha "manzi", ndipo wa ku Lundazi apempha "maji". Wina agulitsa "zinthu", mnzake agulitsa "vinthu". Onsewa amamvana, malonda amayenda, ndipo palibe amene amabwerera kwao ndi ludzu. Koma kusiyana komweku kukalowa m'nyumba, m'kalasi kapena m'chalichi, kumasanduka mlandu. Mtengwa wocokera kutali amasekedwa ndi alamu ake mpaka amaleka kuceza nao. Mdzukulu wobadwira ku Lusaka akafika ku mudzi amatseka pakamwa, poopa kuti agogo amuyeseza. Mwana wanzeru amakana kuwerenga pamaso pa anzake cifukwa tsiku lina kalasi lonse linamuseka.

Kodi ndani amachula bwino, ndipo ndani amalakwa? Yankho lake ndi lakuti kusiyana kwa kachulidwe kuli pawiri. Pali kusiyana kumene kumasintha tanthauzo la mau, ndipo kumeneko tiyenera kuongolana mosanyengerera. Palinso kusiyana kumene kumangoulula kwao kwa munthu, ndipo kumeneko palibe colakwa coti ciongoledwe. Bvuto lathu ndi lakuti kawirikawiri timalekerera coyambaco ndi kulimbana ndi caciwirico.

Pamene lilime siliyenera kuphonya

Mau onse amayamba ndi mpweya wocokera m'mapapo. Pamene mpweyawo ukudutsa pa kholingo, mkamwa kapena m'mphuno, lilime, mano ndi milomo zimautseka, kuupanikiza kapena kuulola kuti upite. Kusuntha pang'ono kwa lilime kumabala liu lina.

Yesani ici. Ikani cikhato patsogolo pa kamwa ndi kunena "kola", kenaka munene "khola". Pa liu loyamba simumva kanthu, koma pa laciwiri kamphepo kakuombani pa dzanja. Cilembo ca h cimene timalemba pambuyo pa k, p ndi t ndico cizindikiro ca kamphepo kameneko. Kukola mbewa ndi kwina, khola la mbuzi ndi lina. "Pala" ndi kutuma mwana kuti akapale moto, pamene "phala" ndi cakudya cake. Mwana wa zaka zinai amadziwa kale kuti phiri likacuruka amakhala mapiri, khasu makasu, thupi matupi. Kamphepo kaja kamacoka, ngakhale palibe amene anamphunzitsa lamulo lake. Mlendo wozolowera Cingelezi akaona dzina lakuti Phiri amawerenga "Firi", popeza kwao zilembo ziwirizi zikagundana zimamveka ngati f. Ameneyo ndi woyenera kumuongola, cifukwa waitana munthu amene kulibe.

Taonaninso "mbale" ndi "m'bale". Mu mbale yodyera, m ndi b zimatulukira pamodzi. Mwa m'bale wobadwa naye, m amayamba waima payekha monga phatikizo lathunthu, ndipo b wake ndi wina, uja timamchula ngati tikukokera mpweya mkati. Liu lakuti "bambo" lili ndi onse awiri: b woyamba ndi wokokera mkati, waciwiri ndi wotulutsa kunja. Wowerenga uthenga pa maliro akaphonya apa, amalira ciwiya ca pa thandala m'malo mwa munthu. Cimodzimodzi "ng'oma" ndi "ngoma". Yoyamba ndi yoimba pa gule, yaciwiri ndi nyama ya nyanga zopotana imene imapezeka m'cigwa ca Luangwa. Kacizindikiro kakang'ono ka pamwamba pa g ndiko kamalekanitsa ziwirizi.

Cobvuta koposa ndi kukweza ndi kutsitsa liu, cifukwa mabuku athu sakulemba. Munthu angafunse kuti, "Mtengo wa mtengo uwu ndi wotani?" ndipo aliyense wa kuno adzamva. Pa mtengo wa ndalama liu limayenda pansi, koma pa mténgo wa m'thengo limakwera pa phatikizo la "te". Khungu la pa thupi ndi khungu la m'maso zimalembedwa mofanana, koma khutu limazisiyanitsa. Kaliu kakuti "ndi" kali pawiri: ponena kuti "uyu ndi mwana" kamatsika, koma ponena kuti "mai ndí mwana" kamakwera. Ngakhale nthawi ya zocitika imabisala momwemo. "Ndímathandíza" ndi wonena za khalidwe lake la masiku onse, pamene "ndimathándiza" ndi wonena zimene anali kucita nthawi yapitayo. Zilembo ndi zomwezo, koma wina akuuza anthu kuti abwere adzathandizidwe, ndipo winayo akusimba zakale.

Izi ndizo msana wa ciyankhulo. Mwana akaziphonya, kholo kapena mphunzitsi amuongole, pakuti akapanda kutero anthu adzamva zimene iye sananene.

Pamene lilime lingoulula kwao

Tsono tione kusiyana kwa mtundu waciwiri. Kochuka kwambiri ndi kwa l ndi r. Ku sukulu tinaphunzira kuti r amalembedwa pambuyo pa e ndi i, ndipo l pena ponse: kulira, kubereka, kulola. Limeneli ndi lamulo la kalembedwe, ndipo polemba tilisunge. Koma mkamwa mwathu l ndi r ndi liu limodzi, limene lilime limagunda nalo kamodzi kuseri kwa mano a m'mwamba, ena molimba, ena mofewa. M'Cinyanja mulibe mau awiri amene amasiyana tanthauzo cifukwa ca l ndi r cabe. Maina a malo amacitira umboni: Msoro ndi Chiparamba ali ndi r pamene lamulo likadafuna l, ndipo Lilongwe ali ndi l pamene likadafuna r. A Jere ena amadzichula a Jele, koma mfunda ndi womwewo. Wonena "kwambili" ndi wonena "kwambiri" anena cinthu cimodzi. M'Cingelezi zilembo ziwirizi zimasiyanitsa mau ambiri, ndipo ici ndico cifukwa cake ana athu amabvutika nazo pophunzira ciyankhuloco. Si kupusa iai. Khutu lao linakula likudziwa kuti ziwirizi ndi cinthu cimodzi.

Kwina ndi kwa bv ndi pf. Acikulire amati bvuto, bvumbwe, pfuko, pfupa, ndipo dzina lakuti Mabvuto ndi lofala m'midzi yathu. Acinyamata ambiri amati vuto ndi fupa, ndipo mabuku a masiku ano a ku Malawi amalemba motero. Kachulidwe ka akuluwa sikanangobwera. Ndi ka banja limodzi ndi ts ndi dz: tsamba ndi masamba, dzira ndi mazira, pfupa ndi mafupa. Lilime la munthu limakonda njira yacidule, conco mibadwo ikamapita mau olimba amafewa. Ku Lusaka afewetsanso ts ndi dz, kotero kuti tsiku lasanduka "siku" ndipo dzina lasanduka "zina".

Palinso w wobvala kacipewa, amene amalembedwa ŵ, ngakhale osindikiza ambiri amamuvula kacipewako. Pomchula milomo imayandikana popanda kutosoka patsogolo monga imacitira pa w wamba. Ansenga ndi Atumbuka ali naye wamoyo: ŵanthu, ŵana. Mu 1937 katswiri wina wa ku America, Mark Hanna Watkins, anasindikiza buku la malamulo a Cicewa. Womuuza mau anali Hastings Kamuzu Banda, amene anakumana naye akuphunzira ku Chicago, ndipo Cicewa ca ku Kasungu cimene cinalembedwa m'bukumo cinali ndi liu limeneli. Kumwera kwa Malawi anthu ambiri sasiyanitsa ŵ ndi w, pamene ku Lusaka liulo amalilemba ndi b. Motero liu limodzi la makolo layenda njira zitatu: anthu, ŵanthu, bantu. Palibe mwa atatuwa amene anaba ca mnzake.

Cifukwa ciani timasiyana?

Cifukwa coyamba ndi mai. Khutu la mwana limaumbidwa ali kumsana, ndipo mau amene wamva m'zaka zoyamba ndiwo amakhala muyeso wake moyo wonse. Munthu akaphunzira ciyankhulo cina atakula, amacilankhula ndi lilime limene anayamwira.

Mbiri ya dziko lathu lino ikutsimikiza zimenezi. Cigawo ca Kum'mawa ndi nkhokwe ya mitundu: Acewa a Gawa Undi, amene likulu lao lili ku Mkaika ku Katete, Ansenga ku Petauke ndi ku Nyimba, Akunda m'cigwa ku Mambwe, Atumbuka ku Lundazi, ndi Angoni a Mpezeni kuzungulira Chipata. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, akulankhula ciyankhulo ca pacibale ndi Cizulu. Mpezeni, mwana wake, asanafike kuno anakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga, ndipo ankhondo ake anatenga akazi ambiri kumeneko. Abambo anapambana ndi mkondo ndi cishango, koma amai anapambana ndi nyimbo zotonthozera ana. Patapita mibadwo yowerengeka, Cingoni colankhulidwa m'midzi ya Mpezeni cinakhala ca pafupi kwambiri ndi Cinsenga, ndipo ciyankhulo cakale cinatsalira m'nyimbo za ingoma, m'zitamando za mafumu ndi m'mifunda. Umboni wina uli m'dzina la mwambo wa Nc'wala, umene unatsitsimutsidwa mu 1980 ndipo umacitikira ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale. Cilembo ca c m'dzinali cikuimira liu limene amalichula pomata lilime kuseri kwa mano ndi kulimatula, monga potsonya. Lero ambiri, ngakhale Angoni enieni, amangoti "Nchwala", cifukwa liu lotere mulibe m'ziyankhulo za amai amene anawalera.

Cifukwa caciwiri ndi maulendo. Lusaka itakhala likulu la dziko mu 1935, anthu ambiri a kuno anapita kukagwira nchito kumeneko, ndipo Cinyanja cinali ciyankhulo ca apolisi ndi asilikali pa nthawi ya atsamunda. Ena anapita ku migodi ya mkuwa, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. M'makomboni Mcewa anagona nyumba yoyandikana ndi Mnsenga, Mbemba, Mtonga ndi Mlozi, ndipo ana ao anasewera bwalo limodzi. M'bwalo limenelo munabadwa Cinyanja ca m'tauni, ca "nifuna manzi" ndi "vintu vambili". Amene amaciyesa Cicewa coonongeka aone bwino: "ni", "manzi" ndi "vi" ndi za Cinsenga, za kwathu konkuno. Mdzukulu wa ku Matero akamati "nifuna", mwina akulankhula monga analankhulira agogo a agogo ake ku Petauke.

Maulendo omwewa anabweretsa mau acilendo, ndipo lilime lathu linawasula kuti akwane mkamwa. Phatikizo la Cinyanja limathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo silikonda kuunjika zilembo zina popanda zimenezi. Ndico cifukwa cake tili ndi sukulu, supuni, buleki ndi sitolo kucokera ku Cingelezi, ndiponso kalata ndi nsapato kucokera ku Cipwitikizi. Nkhalamba imene imachula maina acizungu motere ikutsata lamulo la ciyankhulo cake, ndipo sitiyenera kuiseka.

Cifukwa cacitatu ndi mabuku ndi malire. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Magwero mu 1899, mabuku ambiri a Cinyanja amene anthu a kuno anaphunzirira kuwerenga anacokera ku Nyasaland. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, linalemba c yekha pa liu lopanda kamphepo, monga mu "cifukwa", ndi ch pa liu la kamphepo, monga mu "nchito". Mu 1968 dziko la Malawi linasintha dzina la ciyankhulo kukhala Chichewa, ndipo malamulo a kalembedwe a mu 1973 anakhazikitsa ch pamene ife timalemba c, ndi tch pamene ife timalemba ch. Kuno ku Zambia, kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro unabvomereza mu 1977 kanasunga njira yakale ija. Zotsatira zake ndi izi: liu lolembedwa "kuchedwa" ku Mchinji ndi la munthu wofika mocedwa, koma ku Chipata ndi la munthu wopatsidwa dzina. Komabe Mcewa wa ku Vubwi ndi wa ku Mchinji akakumana pa Mwami, kapena pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, amachula mau awiriwa mofanana. Malire anagawa zolembera, koma sanagawe malilime. Wowerenga buku losindikizidwa ku Malawi, monga Buku Loyera la mu 1998, ayambe wadziwa kalembedwe kamene ali nako m'manja. Ngakhale dzina la mzinda wathu limalembedwa ndi Ch, koma polichula sitiikapo kamphepo.

Masiku ano wailesi yaonjezera pa zonsezi. Kuyambira pamene Radio Maria inatsegulidwa ku Chipata mu 1999, ndi Breeze FM mu 2002, mwana wa ku mudzi amamva Mcewa, Mngoni, Mnsenga ndi Mtumbuka akulankhula pa tsiku limodzi. Sizodabwitsa kuti lilime lake limatola apa ndi apo.

Nanga ticite ciani?

Kuweruza munthu ndi lilime lake ndi cinthu cakale, ndipo sikunabalepo zabwino. Buku la Oweruza, mutu 12, limasimba za anthu a ku Gileadi amene anachinga madooko a Yordani ndi kuuza aliyense wofuna kuoloka kuti achule liu lakuti Shiboleti. Anthu a Efraimu sanathe kuchula sh, anali kunena Siboleti, ndipo pa nkhondo imeneyo anafa 42,000. Onsewo anali ana a Israele. Nayenso Petro, usiku umene Ambuye anagwidwa, anazindikirika kuti ndi Mgalileya cifukwa ca malankhulidwe ake, ndipo mantha anamkanitsa Mbuye wake. Ife sitipha munthu pa dooko, koma kuseka kwathu kumapha cina mwa iye. Mwana wosekedwa cifukwa ca Cinyanja cake sathawira ku Cinyanja cabwino. Amathawira ku Cingelezi, ndipo ana ake sadzadziwa "madzi" kapena "manzi".

Kwa makolo ndi agogo, pempho langa ndi ili: mdzukulu akabwera ndi Cinyanja ca m'tauni, muyankheni m'Cinyanja canu cakuya, mosamuyeseza. Msimbireni nthano, mponyereni zirapi, muimbe naye. Khutu lake lidzatola lokha bv, ts ndi dz, monga linatolera zina ku Lusaka. Mtengwa kapena mkamwini wa mtundu wina akalankhula, mverani zimene akunena. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwina ali ndi liu limene inu mulibe.

Kwa aphunzitsi: m'cigawo cathu Cinyanja ca m'buku cimaphunzitsidwa ngakhale kwa ana amene kwao amalankhula Cinsenga, Cikunda kapena Citumbuka. Mwana akalemba "manzi", musamuuze kuti amai ake amalakwa. Muuzeni kuti, "Kunyumba mumati manzi, ndipo ndi bwino; m'buku timalemba madzi." Atero adzakhala ndi makasu awiri m'malo mwa limodzi. Mphamvu zanu muziike pa h wa "khola", pa kacizindikiro ka "ng'oma" ndi "m'bale", ndi pa kuwerenga mokweza kumene kumaonetsa ngati mwana wamva tanthauzo.

Kwa owerenga m'chalichi, pa maliro ndi pa misonkhano: musaimirire pamaso pa anthu ndi pepala limene simunaliwerengepo. Popeza kukwera ndi kutsika kwa liu sikulembedwa, ciganizo cimafuna kuti mucimve conse musanatsegule pakamwa. Werengani mokweza kunyumba kawiri kapena katatu, ndipo pamene mwakaika funsani wamkulu. Koma musacite manyazi ndi l wanu kapena ŵ wanu. Anthu sadzaphonya uthenga cifukwa ca zimenezo.

Kuongola mtengo mpoyamba, anatero makolo. Koma mlimi wanzeru amadziwa kuti nthambi yokhota ndi ina, ndipo mtundu wa mtengo ndi wina. Saongola msuku kuti ukhale mpundu. Tiyeni tiongole zokhota, ndipo zotsalazo tizimve monga timamvera mfunda wa munthu, umene umatiuza kwao ndi makolo ake.

Mwezi wa mawa tidzakambirana za mau aulemu, makamaka mmene timaitanira apongozi ndi alamu m'madera osiyanasiyana a cigawo cathu. Pakali pano, khalani pansi ndi ana madzulo ano, muike cikhato pakamwa, ndipo muyese "kola" ndi "khola". Tsalani bwino.